A Muhowa Ankavina ndi Pakamwa

Amalume anga a Muhowa tinawaika m'manda mwezi wathawu, dzuwa la chilimwe lili pamutu, nyanja itabwerera m'mbuyo monga imachitira mvula ikamayandikira. Anthu anabwera, koma osati molingana ndi mmene dzina lawo linkamvekera kale. Achinyamata a padoko la Kachulu ankawadziwa ngati nkhalamba yoluka mono, misampha ija ya nsomba, nkhalamba yosachedwa kukalipa ukaponda nsungwi zake. Mkulu wa mpingo analalikira kuti tataya munthu wofatsa, wosachuluka mawu. Ine ndinaweramitsa mutu kuti anthu asaone kuti ndikufuna kuseka pamaliro, chifukwa amalume kufatsa anachita kukuphunzira atakula, ndipo sanakukonde ngakhale pang'ono.

Anthu atabalalika kumanda panatsala mkulu mmodzi wa kofia yoyera, ataima chakumbali chifukwa nyimbo zathu za mpingo si zakwawo. Anali Che Sumani, amene ankawaimbira amalume ng'oma kuyambira onse awiri ali anyamata. Anthu awiriwa sindinawamvepo akugwirizana pa kanthu. Koma pakadapanda pakamwa pa amalume, Che Sumani akadapirikitsidwa m'mudzi muno kalekale, kusiya mkazi ndi ana, ndipo kuti akhalebe muno amalume analipira ndi chinthu chokhacho chimene ankachikonda. Nkhaniyi kuno timaikamba motsitsa mawu, titayang'ana kaye kumbuyo. Ine ndakula, mwini wake wagona, ndiye ndiikamba.

Gule wathu ndi tchopa, amene makolo athu anabwera naye kuchokera kutsidya, kum'mawa kwa nyanja. Amuna amavala zikopa ndi nthenga n'kubereka katundu kumsana, amayi akuimba ndi kuwomba m'manja. Amalume ankavina tchopa yemweyo, koma anali ndi matenda awoawo: ankalankhula. Sindikunena kuimba ayi. Gule akafika pakati ankakweza dzanja, ng'oma n'kutsika mpaka kumangomveka ngati mtondo wa kutali, iwo n'kuyamba kucheza ndi munthu ngati akumana naye panjira.

"Amake Esinati, dzulo padoko paja munagwa bwanji?"

Mayiyo ankabisa nkhope m'chitenje. "Ndinaterereka, bambo."

"Dengu lili kumutu?"

"Lili kumutu."

"Ndiye munathamangira kugwira dengu kapena chitenje?"

Yankho lisanathe, phazi la amalume linali litaterereka kale, dzanja lina m'mwamba lina m'chiuno, thupi likupendama pang'onopang'ono osafika pansi, ng'oma ya Che Sumani itawagwira m'malere momwemo. Pabwalo pouma gwa tinkaona matope, dengu ndi matemba akumwazika. Amake Esinati eni ake ndiwo ankaseka koposa tonse.

Sankakonzekera. Ankalowa m'bwalo asakudziwa chimene avine, ndipo ankanyoza ovina amene amayeserera kuseri kwa nyumba, ankati gule wotero amafika kwa anthu atasasa kale. Mwendo pawokha ankautcha wopusa, wongodziwa kupita kutsogolo ndi kumbuyo, wofunika wina auuze nkhani. Maso a anthu ankati ndi aulesi: ukamuonetsa munthu dzanja likukankha mphepo amangoona dzanja, koma ukamuuza kuti iyi ndi nsungwi yoyendetsera bwato, amaona bwato, madzi ndi bango lomwe. Mawu awo m'bwalo sanali ambiri monga ena amakumbukira. Ankaponya ochepa chabe n'kusiya thupi limalize. Ndipo nthawi zonse mawuwo ankapita kwa munthu mmodzi, womutchula dzina. Gule wosatchula munthu ankati ndi wa mbuzi, popeza nazonso kudumpha zimadziwa.

Anali ndi lamulo limodzi limene ngakhale mwana ankalidziwa: wotsutsa alowe. Ukanena kuti avina zabodza, sizinachitike choncho, unkayenera kulowa m'bwalo n'kuonetsa wekha mmene zinachitikira. Ndiye iwo ankalakwitsa dala. Ankamuvina munthu akutsimphina pamene amayenda bwinobwino, mpaka mwini wake, mtima utamupsa, ankafuula kuti bodza, n'kungozindikira ali kale pakati pa bwalo anthu akumuwombera m'manja. Mwa njira imeneyi analowetsa m'gule anthu amene sakadavina ngakhale paukwati wa mwana wawo, kuphatikizapo wogula nsomba wina wa ku Zomba amene ankabwera padoko atavala tayi.

Kunyanja anali msodzi wachabechabe, izi ndinene poyera. Anzawo ankakana kukwera nawo bwato limodzi, ankati nsomba zimathawa phokoso. M'mawa anthu akamakokera mabwato kumtunda, iwo ankangozungulira padoko manja ali kumbuyo, kumvetsera amene wakangana ndi mkazi wake, amene katumbu wamuboolera mono, kuyang'ana mmene wina amakandira m'mutu akamanama. Akazi awo, amene anatsogola zaka zapitazo, ankati anakwatiwa ndi makutu. Ndiwo zapakhomo pawo kawirikawiri zinkachokera kwa amayi anga, mlongo wawo, amene ankatumiza mbale uku akung'ung'udza.

Chinthu chikasowa pakhomo tinkayamba kukayang'ana kumsana kwa amalume. Pa katundu wawo wovinira panali nkhafi yothyoka, ketulo yobooka, nsapato imodzi yopanda inzake, ndi sefa ya amayi imene anaibwereka kuti akabweza madzulo, ikavina nawo zaka. Chilichonse chinkasanduka chimene pakamwa pawo panena. Ketulo ija ndinaiona ili khanda, ndinaiona ili wailesi, ndinaiona ili mutu wa munthu wa matsire. Ampingo anawaletsa mgonero kangapo chifukwa cha gule yemweyu. Iwo ankapitabe Lamulungu lililonse n'kukhala kumbuyo, ndipo potuluka ankamuuza mlaliki kuti ulaliki unali bwino ndithu, koma manja ankanena zina pakamwa pakunena zina.

Mkangano wawo ndi Che Sumani unali umodzi, ndipo sunathe. Che Sumani ankati mwini gule ndi ng'oma, ndipo kulankhula m'bwalo ndi nzeru ya munthu wotopa, yopumira anthu asakuzindikira. Amalume ankati ng'oma ndi chikopa cha ng'ombe yakufa, ilibe nkhani yoti iuze munthu. Ankakangana popita ku gule, ankakangana pobwerera, nthawi zina m'bwalo momwemo, alendo n'kumayesa kuti ndi mmene gule wathu amakhalira. Amalume ankawapatsa mbewa akudziwa kuti Msilamu sadya. Che Sumani ankawafunsa mwaulemu ngati kumpingo awabwezera kamkate kaja. Koma mwezi wa Ramazani ukafika amalume sankavina ngakhale aitanidwe kuukwati wophera ng'ombe. Ankati ng'oma ya munthu wanjala imachedwa, koma tonse tinkadziwa kuti akungomvera chisoni mnzawo.

Tsiku lina ndikuwamba milamba, Che Sumani anabwera kudzawamba ng'oma pamoto wanga kuti chikopa chikungike. Ndinawafunsa mmene amadziwira kumene mwendo wa amalume ukupita, popeza eni ake sakudziwa. Anayang'ana uku ndi uku kaye.

"Ine miyendo yawo sindiyang'ana, amake Filipo. Ndimamvera mpweya. Akayankhula mothamanga ndiye kuti adumpha. Akakoka mawu, atsika pansi. Mmene mawu akutha ine ndafika kale pamenepo." Kenako anandiloza chala. "Koma mukakawauza, ine ndikana."

Amene anawadziwa amalume atakalamba sangakhulupirire zonsezi. Iwo anaona munthu wokhala pakhonde tsiku lonse, nsungwi zili pamwendo, woyankha moni ndi mutu. Koma ukakhala nawo pafupi n'kumawafotokozera za padoko, kuti uje wagwa m'bwato kapena uje wathamangitsidwa ndi njuchi, unkaona zala zakuphazi zikuyenda zokha m'fumbi, phewa likukoka pang'ono, milomo itatsekedwa zolimba ngati ya munthu wosunga madzi m'kamwa. Zinkandiwawa kuona, ndipo nthawi zina ndinkasiya nkhani pakati.

Chimene chinawatseka pakamwa chinayamba ndi mlendo wina padoko. Zinali zaka zoyambirira dziko litalandira ufulu, nthawi imene munthu unkagona uli nzika n'kudzuka uli chigawenga. Mlendoyo anapempha kuti amuwolotse kutsidya. Che Sumani anali ndi bwato lalikulu, ndipo anamuwolotsa monga ankawolotsera wina aliyense. Pambuyo pake zinamveka kuti munthuyo ankafunidwa. Kunabwera galimoto, Che Sumani anakwezedwa, akazi awo Abiti Jana ali ndi pakati. Kumene anawatengera palibe anafunsa. Dzina lawo linangozimirira m'kamwa mwa anthu, ndipo ana awo anauzidwa kuti bambo anapita kuntchito. Ng'oma yaikulu inagwiridwa ndi mkamwini wina, munthu wa manja abwino koma woyang'ana miyendo, ndipo amalume ankavina naye ngati munthu wovala nsapato za eni.

Kenako nyanja inaphwa. Amene sanaone amayesa tikukokomeza. Madzi anathawa mpaka maso osawaona, nsomba zinafera m'matope, fungo linafika mpaka kuminda, ndipo pamene tinkapalasa bwato panasanduka dothi la ming'alu. Anthu ankapita ku chilumba cha Chisi wapansi. Amuna ambiri anapita kukasodza kunyanja zina. M'nyengo imeneyo mwana wa Abiti Jana, Asiyatu, ndi pamene ankaphunzira kuyenda, ndipo anaphunzirira panyanja poumapo, kumene amayi ake ankapita kukafukula madzi.

Madzi atabwerera, matemba atayamba kuonekanso, Che Sumani anatulukira. Anafika masana akuyenda wapansi kuchokera kumsewu, ataonda, mutu wometa, mano ena palibe. Anthu amene anali panja anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi ntchito m'nyumba. Sikuti ankadana nawo. Masiku amenewo moni weniweniwo unali mlandu, ukaupereka kwa munthu wolakwika.

Wamantha koposa onse anali mlamu wawo, Che Amadu, mchimwene wa Abiti Jana. Ameneyu ndiye anali mwini mbumba, ndiponso ndiye anali tcheyamani wa chipani m'mudzi mwathu. Sanali munthu wankhanza. Mpando anaupeza chifukwa anali ndi njinga ndi jekete, ndipo chiupezereni tulo sankaliona bwino. Anaitana ankhoswe n'kunena kuti ukwati uthe. Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo mwini mbumba akati nyamuka, mkamwini amapinda mphasa yake n'kumapita, ana n'kutsala. Kwawo kwa Che Sumani kunali kutatha, amayi awo anamwalira iwo ali kuja. Anagwirizana kuti nkhani idzamalizidwe likadzangotha phwando lothokoza kubwera kwa madzi. Pakadali pano Abiti Jana analetsedwa kuyankhula nawo poyera, ndipo Che Sumani ankagona m'kachisakasa kosungira maukonde. Kamwana kaja kakawaona kankathawa.

Amalume masiku onsewo sanapite kukawalonjera. Anthu anadabwa, amayi anga anathokoza Mulungu kuti mlongo wawo nzeru zamubwerera. Nditawafunsa amalume, anangoti munthu amene wakanidwa ndi mudzi wonse sabwezedwa ndi moni wa kuseri kwa nyumba.

Phwando linachitika masana, pansi pa mkuyu wa pabwalo. Tinayamba ndi nyimbo zotamanda boma monga zinkafunikira. Che Amadu anakhala pampando atavala jekete, pambali pawo alendo awiri achipani ochokera kuboma. Che Sumani anaima kutali, kuseri kwa anthu onse, pafupi ndi thandala loyanikapo matemba. Tchopa atayamba amalume analowa, anazungulira bwalo ndi anzawo, kenako dzanja linakwera. Ng'oma inatsika. Sanayang'ane aliyense wa ife. Maso awo anadutsa pamitu pathu.

"Inu mwaima kuthandala uko, nyanja itaphwa simunaione. Ndikuonetseni?"

Anatchera khutu, kenako anatembenukira kwa ife.

"Sayankha. Ndi manyazi, asiyeni. Tiyeni tipite kunyanja."

Anatenga nkhafi yothyoka ija n'kuyamba kupalasa, mapewa akugwa ndi kudzuka, mpaka nkhafi inagunda pouma, thupi lonse n'kugwedezeka. Anatsika m'bwato limene panalibe, anaponda pansi, n'kudzutsa phazi msanga chifukwa dothi linkawotcha.

"Apa, Che Sumani, ndi paja munkaponya khoka. Tinkayendapo ndi miyendo."

Dzina lija aliyense analimva. Woimba ng'oma anaphonya, amayi ena anagwira pakamwa. Amalume anapitiriza ngati palibe chachitika. Anawavinira ulendo wa ku Chisi, munthu akulumpha ming'alu mtolo uli kumutu. Anawavinira amayi akufukula dothi ndi mbale, kudikira madzi achite kudontha. Anawauza amene anamwalira iwo kulibe, ndipo aliyense womwalirayo ankamutchula dzina n'kuyenda kayendedwe kake, moti achibale ankamuzindikira n'kuyamba kusisima. Chilichonse ankayamba ndi mawu ochepa, olunjika kwa munthu mmodzi yemwe uja wa kuthandala.

"Kunyumba kwanu kunabadwa mwana wamkazi. Kuyenda anaphunzirira panyanja pouma. Ankayenda chonchi."

Anatambasula miyendo, anatulutsa matako kumbuyo n'kuyamba kuyenda ngati bakha, kukamwa kuli yasa ngati mwana wolira. Anthu ankafuna kuseka koma ankaopa. Anabwereza, moipitsa kuposa poyamba, malovu akuchita kutuluka. Ine ndinali nditakhala pafupi ndi Abiti Jana, ndipo ndinkamva mmene ankapumira. Atayamba kachitatu, mayiyo anaimirira.

"Bodza limenelo! Mwana wanga sanayende choncho!"

Ng'oma inaima. Amalume anawongoka, n'kunena mofatsa kwambiri: "Wotsutsa alowe."

Abiti Jana anayang'ana achimwene awo. Che Amadu anali akuyang'ana nsapato zawo. Mayiyo anamanga chitenje zolimba n'kulowa. Anakweza manja m'mwamba, anaima ndi zala zakuphazi chifukwa dothi linkamuwotcha mwanayo, anathamanga timasitepe tating'onoting'ono, kenako anakhala pansi mwadzidzidzi n'kuseka monga ankasekera Asiyatu.

"Mukuonetsa yani, mayi?" amalume anafunsa. "Ine ndinamuona kale. Amene sanaone ali uko."

Abiti Jana anatembenuka. Anthu anapatuka okha, pakati pa iwo ndi thandala panatseguka njira. Anayang'anizana ndi amuna awo, anthu onse akuona, n'kuyambiranso: manja m'mwamba, zala zakuphazi, kuthamanga, kugwa. Ulendo uno kuseka sikunatuluke. Wina analiza nthungululu, ena n'kulandira. Ine ndinkalira poyera, osapukuta.

Amalume anatembenukira kwa woimba ng'oma uja n'kumuuza kuti apume, ng'oma yake ndi yogontha. Kenako anayenda mpaka kutsogolo kwa mpando, anagwada mwaulemu wonse.

"Atcheyamani, inu ndinu akuluakulu, mumadziwa anthu anu. M'mudzi muno woimba ng'oma yaikulu ndani?"

Che Amadu anapukuta thukuta. Alendo aja ankamwetulira, kudikira yankho, chifukwa sankadziwa kuti wa kuthandalayo ndani. Funso linali loti ngakhale mwana woyamwa akadayankha, ndipo mlongo wawo anali akadali pansi m'fumbi, akuwayang'ana.

"Che Sumani," anatero motsitsa.

"Makutu akalamba, bwana."

"Ndati Che Sumani!"

Amalume anadzuka n'kufunsa bwalo lonse funso lomwelo, ndipo tonse tinayankha, amuna, akazi, Akhristu, Asilamu. Dzina limene linakhala zaka osatchulidwa linamveka mpaka kudoko.

Che Sumani anayenda pang'onopang'ono m'njira ija. Atafika anagogoda chikopa cha ng'oma ndi chala, n'kukwinya nkhope. Mawu awo oyamba kuwamva chibwerereni anali awa:

"Ng'oma yosawamba ngati iyi ndiye mwakhala mukuvinira? Ndipo inu, Che Muhowa, zaka zonsezi pakamwa pamenepo simunatope?"

"Khalani pansi muimbe," amalume anayankha. "Mwachedwa."

Anavina mpaka dzuwa kupendeka. Gule ngati ameneyo sindinamuonenso. Madzulo ake chakudya cha Che Sumani chinaikidwa m'nyumba, osati kuchisakasa. Za ankhoswe palibe anazitchulanso. Munthu ungamupirikitse bwanji utamutchula ndi pakamwa pako pamaso pa mudzi wonse, mlongo wako atamuvinira m'fumbi?

Koma alendo aja anatsinidwa khutu asanakwere njinga zawo. Che Amadu anaitanidwa kuboma, ndipo anabwerako nkhope itagwa. Zimene anakanena kumeneko sitikuzidziwa, ngakhale ine ndimakhulupirira kuti anayesetsa, chifukwa galimoto sinabwere. Che Amadu anabwera ndi lamulo. Tchopa apitirire, nyimbo zikhale zodziwika kale, koma kulankhula m'bwalo kwatha. Wovina akadzangotsegula pakamwa, adzatengedwa iyeyo pamodzi ndi womuimbira ng'oma, ndipo amene analowako kale sadzabwerakonso. Amalume za iwo eni sakadaopa, ndikuwadziwa. Koma mbali yachiwiriyo inawamanga manja ndi miyendo.

Anayesa kamodzi. Unali ukwati, mpunga utakololedwa. Analowa ndi anzawo, anazungulira, mapazi akuponda bwinobwino. Gule atafika pakati dzanja linakwera lokha, ndipo Che Sumani, mwa chizolowezi, anatsitsa ng'oma. Bwalo lonse linadikira. Amalume anatsegula pakamwa, anayang'ana mnzawo, anayang'ana Asiyatu amene anali atakhala pafupi ndi mwendo wa bambo ake, n'kutseka. Anaima pamenepo kanthawi, miyendo osadziwa kolowera. Kenako anatsitsa dzanja, anatuluka m'bwalo n'kumasula katundu kumsana. Madzulo ake anabweretsa sefa kwa amayi. Amayi anailandira n'kulowa nayo m'nyumba, ndipo ndinawamva akulira.

Sanavinenso. Ena ankawanyengerera kuti azingovina ngati anzawo, miyendo anali nayo yabwino. Ankayankha kuti sangapite kukacheza kwa munthu n'kukangomugwedezera mapewa. Anaphunzira kuluka mono, ndipo mono wawo anali wabwino, zimene zinkawakwiyitsa. Che Sumani ankabwera pakhondepo pafupifupi tsiku lililonse kudzawauza kuti akuluka molakwika.

Sabata yathayi ndikupita kudimba ndinadzera pabwalo, ndipo ndinapeza Che Sumani atakhala pamuzu wa mkuyu, ng'oma yaikulu ili pakati pa miyendo. Sankaimba. Ankazula zikhomo zogwira chikopa, chimodzichimodzi, ndi kampeni.

"Chikopa ichi ndinakunga chaka chathachi," anatero osandiyang'ana. "Chikatha ndinkaika china. Ndinkati kaya, mwina tsiku lina adzatilola."

Ndinatula khasu n'kukhala pansi.

"Ndinawauza, amake Filipo. Ndinati ine ndakalamba, ana akula, lowani mulankhule kamodzi kokha, akafuna anditenge. Mukudziwa anandiyankha chiyani? Anati mutu wanga ndi wamphako ngati ng'oma yanga." Anaseka, koma kusekako kunathera pena, ine n'kuyang'ana kumbali. "Munthu wa pakamwa ngati uja, kukhala chete zaka zonsezi kuti ine ndizigona m'nyumba mwanga. Ndipo sikomo sindinanene. Ndikati ndiyambe, iwo ankayambitsa mkangano."

Chikopa anachipinda n'kuchiika kukhwapa. Ananyamuka ndi ndodo yawo kulowera kwa Abiti Jana, kumene utsi unali utayamba kufuka, adzukulu akuthamanga kudzawachingamira.

Tchopa masiku ano amavinidwa kusukulu, alendo akabwera. Pansi pa mkuyu pamera kapinga, ndipo njira ya kudoko inadutsa pakati penipeni pa bwalo, moti anthu amapalasapo njinga atanyamula madengu osadziwa kuti akuponda pati. Chakumadzulo kwake pali pokumbika pang'ono, pamene oimba ng'oma ankakolezera moto, ndipo makala akale amaonekabe ana akafukula. Ng'oma ija Che Sumani anaisiya pomwepo, itagona cham'mbali pakati pa mizu. Palibe waitola, ngakhale amayi ofuna nkhuni amailambalala. Ukawerama n'kusuzumira umaona bango mbali inayo. Mphepo ya kunyanja imalowa uku n'kutulukira uko, osamveka kanthu.